Lizzie Deignan wapachika njinga: tizimukumbukira ndi chiyani?

NaBanda_Leeds:
Abale anga, ndabwera ndi nkhani yomwe yandikhala pamtima. Mu Julayi 2025 Lizzie Deignan, wopalasa njinga wa ku Britain, analengeza kuti wapachika njinga, sapikisananso, chifukwa anali woyembekezera mwana wachitatu. Dzulo pa tiyi kuntchito ndinamutchula, mnzanga wina wakonkuno n'kungoti, "Uja anazemba oyeza mankhwala uja?" Basi, n'kupitiriza kumwa tiyi wake. Ine zinandibaya. Mayi ameneyu anatenga siliva pa Olimpiki ya ku London mu 2012, anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2015, n'kudzawina mpikisano woyamba wa amayi wa Paris-Roubaix ku France mu 2021 ali kale ndi mwana kunyumba. Zonsezo zifufutike ndi nkhani imodzi ya 2016? Kwawo ndi ku Otley, katauni kamene ndimafikako ndi basi imodzi kuchokera pano pa Leeds, ndiye mtima wanga uli kwa iye ngati mwana wapamudzi. Inu amene mumatsata masewerawa, tandiuzani maganizo anu.

KabazaWaMchesi:
Achemwali, dzinali ine ndikulimva koyamba. Mpikisano umodzi amapalasa mtunda wautali bwanji?

Sipoko36:
A Kabaza, wa ku London uja unali wa makilomita 140, ndipo anaumaliza m'maola atatu ndi theka n'timphindi towerengeka, mvula ikukhuthuka. Njinga zawo n'zopepuka zedi. Lamulo la UCI, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, limati njinga isachepere makilogalamu 6.8. Ilibe kaliyala, ilibe sitandi, matayala ake ngati chala.

Kwa ena amene simukumudziwa: anabadwa pa 18 Disembala 1988. Dzina lakwawo ndi Armitstead. La Deignan ndi la mwamuna wake Philip, wa ku Ireland, yemwenso ankapalasira Team Sky, ndipo anakwatirana mu 2016. Sanakulire m'mipikisano ayi. Mu 2004, ali ndi zaka 15, anthu a British Cycling osaka ana aluso anafika pasukulu yake, Prince Henry's Grammar School, n'kumutola pomwepo. Anayambira m'bwalo lozungulira lamatabwa lija. Pofika 2009 ku Pruszków m'dziko la Poland anatenga golide wa dziko lonse pa mpikisano wa matimu othamangitsana, ali ndi Wendy Houvenaghel ndi Joanna Rowsell, n'kuwonjezera siliva ndi buronzi payekha. Kenako ndi pomwe anaika mtima wonse pamsewu.

MdzukuluWaGomani:
Mbiri yabwino, koma tisalambalale. Oyeza anamusowa katatu m'chaka chimodzi. Katatu! Kamodzi munthu umaiwala, kawiri tinena kuti tsoka, kachitatu n'chiyani? Mnzanu wakuntchitoyo sanalakwe.

NaBanda_Leeds:
Achimwene, anamupeza ndi mankhwala m'magazi liti? Tchulani tsiku.

MdzukuluWaGomani:
Munthu amene sanapezeke pakhomo mungamupeze nawo bwanji mankhwala?

Sipoko36:
Tiyeni tiiike bwinobwino nkhaniyi, chifukwa kandimverere anakanena zam'maluwa. Wopalasa wapamwamba aliyense amayenera kulemba pa kompyuta komwe adzagone, ndi ola limodzi tsiku lililonse limene oyeza angamupeze kuti apereke mkodzo kapena magazi. Tsiku lililonse, kaya ndi Khirisimasi, kaya uli pamaliro. Ukaphonya katatu m'miyezi 12, amakuona ngati wolakwa ndipo atha kukuletsa mpaka zaka ziwiri, ngakhale asanakupeze ndi kanthu.

Zake zinali motere. Koyamba ndi pa 20 Ogasiti 2015 ku Sweden, ali kuhotela ndi timu yake. Woyeza anafika m'mamawa, a pahotela sanamuuze nambala ya chipinda, anaimba foni koma mwini wake anali mtulo foni itatsekedwa kulira. Mawa lake anayezedwa pampikisano, osapezeka ndi chilichonse. Kachiwiri ndi mu Okutobala 2015, zolemba zake za komwe ali sizinali zolondola. Kachitatu ndi mu Juni 2016, ndipo iye anati panagwa vuto ladzidzidzi m'banja n'kusintha ulendo osakonza zolembazo. Ziwiri zomalizazi anazivomera. Choyamba chija anakachitsutsa ku khoti la zamasewera, CAS, ndipo khotilo linagamula kuti woyezayo sanachite zokwanira kuti amupeze. Zitatsala ziwiri, mlandu unatha, ndipo anapita ku Olimpiki ya ku Rio komwe anamaliza pa nambala 5.

Ine sindinena kuti analibe cholakwa. Munthu wovala jezi ya utawaleza, yomwe amavala katswiri wa dziko lonse, wodziwa kuti watsala ndi mwayi umodzi, samayenera kuchita mphwayi chonchija. Koma mphwayi ndi kubera ndi milandu iwiri yosiyana.

MdzukuluWaGomani:
A Sipoko mwafotokoza bwino, ndavomera kuti khoti linamumasula. Chimene chimandiwawa ine n'china. Nkhaniyi inabisika mpaka masiku ochepa Olimpiki isanayambe, ndipo opalasa anzake ena anadandaula poyera. Ndiye ndimadzifunsa: akanakhala mtsikana wa dziko losauka, wopanda ndalama za maloya, akanafika n'komwe ku khotiko? Lamulo ndi limodzi, koma matumba ndi osiyana.

Sipoko36:
Pamenepo sinditsutsa. Koma ameneyo ndi mlandu wa dongosolo, osati wa miyendo yake.

Make_Tadala:
Abambo mwakangana mokwanira za mikodzo. Ine ndilankhule za chimene chinandigwira mtima, poti a NaBanda afunsa kuti tizimukumbukira ndi chiyani.

Mu 2018 mayiyu anali woyembekezera ndipo ankachoka ku timu ya Boels-Dolmans komwe anakhala kuyambira 2013. Nthawi imeneyo wopalasa akatenga pakati, ambiri ankangoti zake zathera pomwepo. Koma kampani ya Trek, ikukhazikitsa timu yake ya amayi, inamulemba ntchito mimba ili poonekera. Anabereka mu Sepitembala 2018. Mu Epulo 2019 anali atabwerera pamzere woyambira ku Amstel Gold Race, ndipo mu Juni anawina Women's Tour, mpikisano wa masiku 6 kwawo ku Britain, kuposa Kasia Niewiadoma ndi masekondi awiri okha. Miyezi 9 chiberekere! Amene munaberekapo mukudziwa mmene chiuno chimakhalira, mmene tulo timasowera mwana akamalira usiku. Ine pa miyezi 9 kukwera kamtunda kopita kumsika ndinkapumira kawiri.

Chifukwa chake zimandikhudza: ine ndinkagwira ntchito m'sitolo ina m'tauni. Tsiku lomwe yunifolomu inayamba kundithina, bwana anandiitanira kuseri kwa makatoni a sopo n'kundiuza kuti ndikapume kaye, adzandiitana. Mwanayo pano ali Sitandade 4, foniyo sinalirebe. Ndiye ndikamva kuti kwinakwake munthu anapatsidwa kontirakiti ali ndi pakati, ndipo mu 2022 atatenganso pakati pachiwiri timu yomweyo inamuwonjezera kontirakiti mpaka 2024, misozi imalengeza.

NaBanda_Leeds:
Make Tadala, pepani kwambiri. Zimenezo n'zimene ndimafuna mnzanga uja amve.

MlembiWaKale:
Mayi, amene anakuchitani zimenezo anaphwanya lamulo. Lamulo la ntchito ku Malawi limapereka masabata osachepera 8 a tchuthi cha uchembere ndi malipiro onse, ndipo kuchotsa munthu chifukwa cha pakati n'koletsedwa. Atsikana amene muli pagulu pano, zikakuchitikirani pitani ku ofesi ya zantchito, musamangolira m'nyumba.

Make_Tadala:
Bambo, nthawi imeneyo ndinalibe ngakhale kalata yondilembera ntchito. Ndikanapita ndi chiyani m'manja?

MlembiWaKale:
N'chifukwa chake ndimawauza ana anga kuti tsiku loyamba ufunse kalata, malipiro pambuyo.

Sipoko36:
Ngakhale kunjingako zolembedwa zinabwera mochedwa. UCI inayamba kukakamiza matimu akuluakulu a amayi kupereka malipiro osachepera mlingo woikika komanso tchuthi cha uchembere mu 2020. Deignan anabereka zimenezi kulibe. Sindinena kuti lamulolo analemba ndi iye, koma mabwana a matimu anali ataona ndi maso awo kuti mayi wobereka atha kubwerera n'kuwina.

AgogoAKuDedza:
Ana inu mukukamba za makontirakiti, ife kale mtsikana kungokwera njinga ankati sadzabereka. Ine ndinaphunzira mobisa pa njinga ya malume anga, yamtanda ija, mwendo ndikulowetsa pansi pa chitsulo. Tsiku lina chitenje chinakodwa mutcheni ndili pamtsetse, ndinagwera m'munda wa mbatata, chipsera chilipo mpaka lero pabondo. Ndinabereka ana 6. Ndiye mayi wanuyo, wobereka ana chonsecho akupalasa njinga, akanakhalako nthawi imeneyo ndikanapita naye kwa anthu aja kuti amuone.

KabazaWaMchesi:
Agogo, zimenezo zikadalipo. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 11, amafuna ndimuphunzitse, koma azakhali ake akuti njinga imawononga atsikana.

AgogoAKuDedza:
Muphunzitseni. Azakhaliwo akadzadwala usiku, adzathamangire kuchipatala ndani?

Nyanja_Glasgow:
Ine ndinamuona ndi maso anga mwangozi. Mu 2014 pa Commonwealth Games kuno ku Glasgow ndinkatsata ma Queens athu a netibo, njinga sindinkazilabadira n'komwe. Tsiku lomaliza la masewerawo misewu ya m'tauni inatsekedwa, ndiye ndinangoima m'mbali ndi ambulera. Emma Pooley, mnzake wa timu ya England, anali atathawa kutsogolo. Kenako Armitstead anatulukira pachitunda ngati ena onse aima, anamupeza Pooley n'kumudutsa, n'kupita yekha mpaka kumapeto. Golide kwa iye, siliva kwa Pooley. Zaka zinayi m'mbuyomo ku Delhi anali atatenga siliva. Chimene ndimakumbuka n'phokoso la matayala pa phula lonyowa, ngati nsalu ikung'ambika.

TcheniYadula:
Zonsezi zabwino, koma tisamukweze mopitirira. Marianne Vos wa ku Netherlands ndiye mfumukazi ya masewerawa. Ku London komweko anatsala atatu kutsogolo, Vos, Armitstead ndi Olga Zabelinskaya wa ku Russia, ndipo pa msewu womalizira wa The Mall Vos anamusiya poyera. Golide wa Olimpiki Deignan alibe, ngakhale anapitako kanayi.

NaBanda_Leeds:
Palibe wanena kuti amaposa Vos. Koma siliva ameneyo ndiye anali mendulo yoyamba ya Britain pa Olimpiki ya pakhomo pawo. Ndipo mu 2020 ku Nice, pa mpikisano wa La Course, anamupitirira Vos yemweyo pamzere.

TcheniYadula:
Kamodzi.

Sipoko36:
Si kamodzi, a Tcheni. Wachiwiri ku Roubaix anali ndani?

Ndiloleni ndikhalitsepo pa tsiku limeneli, chifukwa kwa ine yankho la funso la a NaBanda lili pamenepa. Paris-Roubaix ya amuna inayamba mu 1896. Amayi anadikira zaka 125, akuuzidwa kuti njirayo ndi yoopsa kwa iwo. Njira yake imadutsa m'minda ya kumpoto kwa France, m'timisewu takale toyalidwa miyala ikuluikulu yosalingana, totereka mvula ikagwa. Pa 2 Okutobala 2021 anawalola koyamba: makilomita pafupifupi 116 kuchokera ku Denain, zigawo 17 za miyala, matope ali ponseponse.

Tsikulo Deignan sanali mtsogoleri wa timu. Timu yakeyo, Trek-Segafredo, inkadalira Elisa Longo Borghini ndi Ellen van Dijk. Ntchito yake inali kulowa patsogolo m'chigawo choyamba cha miyala kuti anzakewo akhale pabwino. Atatuluka m'chigawocho n'kucheuka, anapeza kuti ali yekha. Kunali kutatsala makilomita oposa 80. Mwanzeru za masewerawa, munthu mmodzi sangalimbane ndi gulu pa mtunda wotere, chifukwa m'gulu mumasinthana kutchinga mphepo pomwe wayekha imamumenya yonse. Ndiye akumbuyo sanade nkhawa, ankati atopa yekha. Koma m'matope gulu limasanduka msampha: mmodzi akaterereka, asanu amagwera pa iye. Kumbuyo anthu ankagwa motsatizana, van Dijk yemwe anagwa koopsa. Kutsogolo Deignan ankasankha yekha poponda, tayala lakumbuyo likuvina uku ndi uku koma osagwa. Vos atadzuka n'kuyamba kuthamangitsa, madzi anali atafika kale m'khosi. Deignan analowa m'bwalo la Roubaix yekha, Vos n'kufika patatha mphindi imodzi ndi masekondi 17, Longo Borghini wachitatu. Anapalasa wopanda magolovesi, ndipo pomaliza mahandulo a njinga yake anali ndi magazi ochokera m'matuza a m'manja.

Ndi kupambana kumeneko anakhala mayi woyamba kutenga mipikisano itatu ikuluikulu ya tsiku limodzi: Tour of Flanders mu 2016, pomwe anaposa Emma Johansson ndi kachidutswa ka tayala, Liège-Bastogne-Liège mu 2020, ndi Roubaix.

KabazaWaMchesi:
A Sipoko, apa ndiye mwandifika pamtima, chifukwa zamatopezo ndi ntchito yanga. Nthawi ya dzinja njira zathu zimasanduka phala. Chinsinsi chake n'choti usagwire buleki yakutsogolo, ndipo usasiye kupalasa. Ukachita mantha n'kuumitsa manja, wagwa. Mahandulo umawagwira ngati dzira, njinga izidzipezera yokha njira, iwe maso ali patali osati patayala. Ndipo n'zoona, kutsatira mnzako kumbuyo m'matope n'koopsa kuposa kukhala patsogolo, chifukwa suona dzenje mpaka utalowamo. Ine ndikapalasa tsiku lonse pa msewu wa mabampu, usiku zala zimakana kugwira mbamu ya nsima, zimachita dzanzi. Ndiye makilomita 80 pamiyala, manja akutuluka magazi, ameneyo ndi munthu wolimba mtima. Ndamulemekeza.

AgogoAKuDedza:
Mwana wanga, zala zadzanzizo uziziviika m'madzi ofunda usanagone.

Make_Tadala:
Nanga anamupatsa zingati pa magazi akewo?

Sipoko36:
Okonza mpikisano anamupatsa ma euro 1,535. Mawa lake Sonny Colbrelli, wopambana kwa amuna, analandira 30,000. Kampani ya Trek ndiyo inawonjezera kuchokera m'thumba mwake kuti zifanane.

Make_Tadala:
Mwaona? Miyala yomweyo, matope omwewo.

TcheniYadula:
Amuna anapalasa mtunda woposa kawiri, ndipo owonera awo ndi ochuluka. Ndalama zimatsata owonera.

Nyanja_Glasgow:
Mtunda kawiri, ndalama pafupifupi ka 20? Ndipo anthu awonera bwanji chinthu chomwe sichikuonetsedwa? Tsiku lomwelo wailesi zakanema zinayamba kuonetsa mpikisano wa amayi iye atathawa kale. Mphindi yomwe anawinira mpikisano sitinaione ikuchitika.

TcheniYadula:
Pa kanemapo ndavomera.

MlembiWaKale:
Ine wakale ndikumbutseko kuti dera lomwelo la Yorkshire linatulutsa Beryl Burton, katswiri wa dziko lonse pamsewu mu 1960 ndi 1967. Mu 1967 anapalasa mamailosi 277.25 m'maola 12, kuposa rekodi ya amuna ya nthawiyo. Ankagwira ntchito m'munda, analinso mayi, ndipo sanapiteko ku Olimpiki chifukwa mpikisano wa njinga wa amayi unalowako mu 1984. Pamene Armitstead ankawina ku Richmond, America, mu 2015, kuposa Anna van der Breggen pamzere, anali mayi wachinayi wa ku Britain kuvala jezi ya utawaleza ya pamsewu, pambuyo pa Burton, Mandy Jones mu 1982 ndi Nicole Cooke wa ku Wales mu 2008. Kusiyana kwake ndi Burton n'koti Armitstead anadya thukuta lake, njinga inali ntchito yomulipira.

MdzukuluWaGomani:
Funso langa lina: atabereka wachiwiri mu 2022, anawinanso chiyani chachikulu? Ine ndikuona ngati anangokhalapo chifukwa cha dzina.

Sipoko36:
Chachikulu payekha sanawinenso, n'zoona. Anabwerera mu Epulo 2023 n'kukhala wogwirira ntchito anzake: kutchinga mphepo, kutseka mipata, kubwerera kugalimoto kukatenga mabotolo a madzi, kuwerenga mpikisano n'kuuza achichepere nthawi yoyenera kusuntha. Pa TV ntchito imeneyi sioneka, koma funsani wopalasa aliyense. Katswiri wa dziko lonse kuvomera kusenzera ena madzi si chinthu chapafupi. Mu 2024 anathyoka mkono pa Tour of Flanders, komabe anachira n'kukapikisana ku Olimpiki ya ku Paris chaka chomwecho, ali ndi zaka 35.

MdzukuluWaGomani:
Chabwino. Roubaix ndamupatsa, za uchemberezo ndamupatsa. Koma za 2016 sindizichotsa m'buku langa. Zonse zikhalemo.

NaBanda_Leeds:
Zikhalemo, achimwene, bola zisakhalemo zokha.

Ndikuuzeni tsiku limene ine ndinayamba kumukonda, ndipo sanawine n'komwe. Mu Sepitembala 2019 mpikisano wa dziko lonse unachitikira kuno ku Yorkshire. Wa amayi unayambira ku Bradford kupita ku Harrogate, kudutsa mu Otley mwenimweni. Ndinali nditatuluka shifiti ya usiku, maso ali ofiira, koma ndinakwera basi ndi mwana wanga wamkazi. Tauni yonse inali pamsewu, mbendera m'mawindo, ana atakwera pamapewa a abambo awo, agogo atakhala pamipando yopinda atafunda mabulangete. Gulu litatulukira, iye anali patsogolo penipeni, ndipo phokoso lomwe linabuka ndinalimva m'chifuwa. Zinatenga masekondi ochepa, onse anali atadutsa. Mwana wanga anandikoka dzanja n'kufunsa kuti, "Amayi, ameneyu ndi amene ali ndi bebi uja?" Mwana wa Deignan anali atangokwanitsa chaka.

Kutsogoloko Annemiek van Vleuten anathawa kutatsala makilomita oposa 100. Deignan anathamangitsa ndi mtima wonse, mwina mopitirira nzeru, mpaka miyendo inamuthera n'kumaliza kutali. Tinaonera kumapetoko pa foni tili m'basi yobwerera. Sabata yotsatira mwana wanga anayamba kundivutitsa za njinga, ndipo ndinamugulira yakale pa Facebook. Pano ndi mtsikana wamkulu, Loweruka lililonse amakwera Chevin, phiri lomwe lili pamwamba pa Otley, ine ndikumudikira pansi ndi fulasiki ya tiyi.

KabazaWaMchesi:
Achemwali, wanuyo munamuyambitsa pa njinga ya saizi yanji? Wangayu ndi wamfupi, pa yanga ya ntchitoyi miyendo safika pa mapedulo.

NaBanda_Leeds:
Anayamba ndi ya matayala a mainchesi 20. A Sipoko athandizepo.

Sipoko36:
Wa zaka 11 mupezereni ya 24, yopanda mtanda. Tsitsani chishalo mpaka mapazi onse awiri azifika pansi. Masiku awiri oyamba chotsani mapedulo, azingodzikankha ndi miyendo pa kamtsetse kofatsa mpaka azolowere kusagwa, kenako muwabwezeretse. Ndipo avale buluku kapena kabudula, za chitenje mwamva kale kwa agogo.

KabazaWaMchesi:
Zikomo akulu. Loweruka ndikayang'ana pamsika, Lamulungu masana tiyamba pabwalo la sukulu.